Lekani kuombeza ula ndi ma mock

Mphwanga ananditumizira chithunzi pa WhatsApp usiku wina cha m'ma 11 koloko. Chinali chojambula pa foni yake: bwalo lobiriwira, pakati pake 86%, pansi pake mawu a Chingerezi omuuza kuti wakonzeka. Iye anawonjezerapo ake: "Akulu, zatheka. Netiweki ikagwira auzeni amayi asunge nkhuku." Amayi athu ali ku Chifunda, m'chigwa cha Luangwa, m'boma la Chama, ndipo ndalama zambiri za maphunziro ake a u-clinical officer zinachokera m'matumba a mpunga amene iwo analima. Mnyamatayo anali atamaliza koleji kuno ku Lusaka, akudikira mayeso a laisensi. Zotsatira zitatuluka, dzina lake linali pa ofeluka. Nkhuku ija inadyedwa pa Khirisimasi, popanda wotchula chimene anaisungira.

Wandilola kuti ndilembe izi, ndipo sindikumuseka. Anawerenga mwamphamvu kuposa mmene ine ndinawerengerapo chilichonse. Chimene chikundiwawa ndi 86 uja. Pali anthu amene anamugulitsa nambala imeneyo, iye n'kuikhulupirira, ine n'kuikhulupirira, amayi n'kumanga nkhuku mwendo. Lero lino m'magulu a WhatsApp ndi Telegram muli anyamata ndi atsikana ambirimbiri amene akugula nambala yomweyo ndi mobile money.

Kwa amene simuli m'zaumoyo, nkhani yake ili chonchi. Munthu wophunzira udokotala, u-clinical officer, za mankhwala kapena za mu labu sangagwire wodwala mwalamulo asanalembetsedwe ndi Health Professions Council of Zambia, HPCZ. Anamwino ndi azamba ali ndi bungwe lawo, Nursing and Midwifery Council of Zambia, lomwe makolo athu ankalidziwa kuti General Nursing Council. Mayeso a laisensi ndiwo chipata. Dipuloma ukhoza kukhala nayo, gauni unavala, zithunzi unajambulitsa, koma popanda kudutsa pachipatapo ndiwe mlova ngati wina aliyense. Mu 2022 boma linalemba ntchito anthu a zaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, ndipo aliyense anaphunzirapo kuti chilengezo chikatuluka mapepala ako ayenera kukhala okonzeka kale. Makoleji a zaumoyo achuluka, omaliza achuluka, mantha nawonso achuluka. Pamene pali mantha pamabwera wogulitsa.

Wogulitsayo amanena chinthu chimodzi chabe: ukapeza zakutizakuti pa mock yathu, wapasa kale. Bodza limeneli lili ndi mbali zingapo, ndipo ina mwa izo ndi masamu chabe.

Mayeso alionse ndi kutapa. Amayi ogula nyemba ku Soweto Market sakhuthula thumba lonse, amalowetsa dzanja, kutapa, kuyang'ana ngati muli zofumbwa. Dzanja limodzi likhoza kuwanamiza, n'chifukwa chake ochenjera amatapa pamwamba, pakati ndi pansi. Zonse zimene clinical officer ayenera kudziwa ndiye thumbalo, ndipo pepala la mafunso ndi dzanja limodzi. Tiyerekeze kuti pa mafunso onse amene angafunsidwe, iwe umadziwadi 60 pa 100 alionse. Wina akusankhire mafunso 50 mwachisawawa. Supeza 60% nthawi zonse. Masamu a mwayi amati malikisi ako adzagwedezeka ndi mapointi pafupifupi 7 uku kapena uku, ndipo mwa apo ndi apo udzatsikira ku 46 kapena kukwera kufika ku 74, mutu uli womwewo, tsiku lomwelo. Mafunso akakhala 200 kugwedezekako kumachepa, kumakhala pakati pa mapointi 3 ndi 4. Akakhala 20, ngati timakwizi tija timene timaponyedwa m'gulu m'mawa uliwonse, kumafika pa mapointi 11. Munthu amene dzulo anapeza 70 lero n'kupeza 50 pa kakwizi koteroko sanaiwale kanthu usiku. Dzanja langolowa pena.

Onjezanipo kulota mayankho. Funso likakhala ndi mayankho 4 osankhapo, munthu wosadziwa kalikonse amapeza pafupifupi 25%. Wodziwa mafunso 40 pa 100, n'kungolota 60 otsalawo, amafika cha pa 55. Akaona 55 amaganiza kuti akudziwa zoposa theka, pamene zimene akudziwadi sizinafike pathekapo.

Izitu zikuchitika mock ili yabwino, yolembedwa moona mtima. Manje tiyeni tione mmene mphwanga anafikira pa 86.

Nditamufunsa bwinobwino, patapita masabata mtima utakhala pansi, anavomera kuti mafunso amenewo anali atawayankha kanayi. Gulu lawo linali ndi nkhokwe imodzi ya mafunso, ndipo mock iliyonse inkangotapa m'nkhokwe yomweyo. Ulendo woyamba anapeza 50 ndi kanthu. Anawerenga mayankho. Ulendo wachiwiri anakwera. Pofika wachinayi, akangoona mawu oyamba a funso, "mayi wa zaka 34 wabwera ndi...", chala chinkapita chokha pa C asanamalize kuwerenga. Kumeneko ndi kudziwa nkhope ya funso, monga mmene umadziwira kondakitala wa basi ya ku Matero osadziwa dzina lake. Ukamuona ku Kamwala atavala suti umamudutsa. Pa mayeso enieni mayi uja anabwera ali ndi zaka zina, matenda omwewo atafotokozedwa mwanjira ina, yankho lili pa A, ndipo chala sichinadziwe kolowera.

Kalembedwe kake ka mock nakonso kanali kena. Ankalemba atagona pabedi. Magetsi akapita ankaimitsa, n'kudzapitiriza mawa. Funso likamuvuta ankati "ndingoyang'ana pang'ono chabe" pa Google, poti si mayeso enieni. Sindikuti ankabera, pakuti panalibe womuberayo. Koma nambala yotuluka pamenepo ikunena za munthu wogona pabedi wokhala ndi intaneti m'manja, ndipo munthu ameneyo sadzalowa m'holo ya mayeso. Adzalowa wina, wosagona bwino, wanjala, foni atasiya pakhomo, wotchi ikuthamanga.

Palinso chimene tonse timachita osadziwa. Mnyamatayo analemba ma mock 6 m'mwezi womaliza, ine ananditumizira imodzi. Mungathe kulota kuti inali iti. Malikisi apamwamba kwambiri pa gulu la malikisi nthawi zambiri amakhala luso kuphatikizapo mwayi wa tsikulo, ndipo mwayi subwera kawiri chifukwa wauitana. Francis Galton anafotokoza zimenezi mu 1886 akuyeza msinkhu wa makolo ndi ana awo: chimene chapitirira kwambiri ulendo uno, ulendo wotsatira chimabwerera chakupakati. Aliyense wotsatira mpira amazidziwa. Wosewera akagoletsa zitatu Loweruka, sabata yamawa musamuikire ndalama kuti agoletsanso zitatu.

Ndatchula ndalama za mpira dala. Maumboni amene amadzaza m'magulu a mock ali ngati ma slip a betting amene anzathu amaika pa status. Wowina amajambula slip, ena onse amene aluza amangokhala chete. "Ndinapeza 80 pa mock ya admin, ndapasa, Mulungu akudalitseni admin!" Uthenga umenewo admin amaukhomera pamwamba kuti aliyense wolowa auone. Wopeza 80 n'kufeluka salemba kanthu. Amatuluka m'gulu mwakachetechete, kapena amakhalamo ndi manyazi, n'kulipiranso. Choncho umboni wonse umene mukuona unasefedwa kale usanakufikeni, ndipo palibe anafunika kunama kuti usefedwe. Ng'anga nayonso imatchuka ndi odwala amene anachira.

Wina anena kuti, koma ku America ma mock amalosera bwino, tinaona pa YouTube. Zoona, ndipo n'kofunika kudziwa chifukwa chake, popeza chifukwacho ndi chimene chikusowa m'ma PDF athu. Madokotala a ku United States amalemba mayeso otchedwa USMLE. Gawo loyamba, Step 1, lili ndi mafunso ofika 280 ndipo limatenga tsiku la maola 8. Limodzi mwa mabungwe awiri amene ndi eni mayesowo, National Board of Medical Examiners, ndi lomwenso limakonza ndi kugulitsa mayeso oyeserera. Olemba mafunso ndi a nyumba imodzi, ndondomeko ya mitu ndi imodzi, mafunso anayesedwa kale pa ophunzira ambirimbiri kuti adziwe lovuta ndi lapafupi, ndipo bungwelo limatha kuyerekeza malikisi a mock ndi a mayeso enieni a munthu yemweyo chifukwa onse awiri lili nawo m'manja. Kafukufuku wa kumeneko wasonyeza kuti malikisi awiriwa amayenderana ndithu, makamaka mock ikalembedwa kutatsala masiku ochepa, ndiponso ikalembedwa ndi wotchi ngati ya mayeso enieni.

Komabe eni akewo salonjeza. Amakupatsa malire, kuti malikisi ako enieni akhoza kugwera pakati pa apa ndi apa. Kuyambira mu Januwale 2022, pamene Step 1 inasiya kutulutsa malikisi n'kumangoti wapasa kapena wafeluka, lipoti la mock limakuuza mwayi wako wopasa ngati utalemba mkati mwa sabata imodzi. Mwayi, ndiponso wa sabata imodzi yokha. Bungwe lokhala ndi akatswiri a masamu a mayeso, lokhala ndi mayankho a mayeso enieni m'kabati mwake, likulankhula mosamala chonchi. Ndiye admin wa gulu la "100% Pass", amene mafunso ake anawatola kwa anthu otuluka m'holo akukumbukira theka la funso, kulimba mtima kwake akukutenga kuti?

Pa mafunso otoledwawo ndiima pang'ono, chifukwa apa ndi pamene nkhani imachoka pa ndalama kupita pa moyo wa munthu. Funso likakumbukiridwa ndi wotuluka m'mayeso, yankho lake limaikidwa ndi wina amene sanaone chikalata cha mayankho. Likalakwika limayenda lolakwikabe, kuchoka pa foni kupita pa foni, chaka ndi chaka, ndipo wophunzira wodziwa zoona amalandira chizindikiro chofiira mpaka ataphunzira kuyankha molakwa. Ngakhale yankho limene linali lolondola limakalamba. Zambia inasiya chloroquine n'kutenga Coartem kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Pa malungo aakulu, quinine anali mfumu kwa zaka zambiri, mpaka kafukufuku wa AQUAMAT wa mu 2010, wochitika pa ana a mu Africa, atasonyeza kuti artesunate wobaya amapulumutsa ana ambiri kuposa quinine, ndipo malangizo anasintha. Pa HIV, dolutegravir analowa m'malo mwa efavirenz pa mankhwala oyambira. PDF ilibe tsiku lotha ntchito ngati botolo la mankhwala. Imangoyendabe, ndipo imakupatsa bwalo lobiriwira chifukwa chovomereza zimene chipatala chinasiya.

Za malikeji sindikambapo zambiri. Tonse tikukumbuka 2018, pamene mayeso a Examinations Council of Zambia anaimitsidwa dziko lonse chifukwa pepala linatuluka nthawi isanakwane. Mtima umene tinakula nawo ku sekondale, woti mayeso ndi chinsinsi chimene wina ali nacho ndipo chimagulidwa, ndi womwewo umene ukudyetsa ma admin. Ambiri ogula mock sakufuna kudziyeza. Akuyembekeza kuti mwina mafunso omwewo adzabwera.

Musandimve molakwa, kuyankha mafunso ndi njira yabwino kwambiri yowerengera. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anasonyeza kuti ophunzira amene anadziyesa pokumbukira zimene anawerenga ankazikumbukira bwino patapita sabata kuposa amene anangobwereza kuwerenga, ngakhale kuti obwereza kuwerengawo ndiwo ankadzimva okonzeka kwambiri. Choncho wonena kuti "ma mock anandithandiza kupasa" akunena zoona. Anamuthandiza monga khasu. Vuto limayamba pamene chida chomwecho ukuchigwiritsa ntchito ngati khasu komanso ngati sikelo. Funso limene waliphunzirirapo lasiya kukuyeza. Ukafuna kudziwa pamene uli, pamafunika pepala limene sunalionepo, lalitali, lokhudza mitu yonse monga mmene mayeso enieni amagawira, ulembe kamodzi, nthawi ikuwerengedwa, foni ili kwa munthu wina. Ndipo nambala yotulukapo uiwerenge ndi malire ake. Ukapeza pang'ono chabe pamwamba pa malikisi opasira, sunapase, uli pa mpanda.

Wina anandiyankha kuti, akulu, zonsezi n'zabwino, koma ife tikufuna chabe pepala kuti tipeze ntchito, za ulaliki tisiyeni. Ndimamumvetsa. Amene sanakhalepo chaka chathunthu pakhomo ndi dipuloma m'sutikesi asaweruze. Koma ndikamva mawu amenewa maganizo anga amapita kwa amayi, chifukwa ntchito imene tikuithamangirayo, kwa ambiri, ili kumalo ngati kwathu. Boma likalemba anthu 11,000 siliwaika onse ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Ena amakwera basi ya ku Chipata, kupitirira ku Lundazi, n'kutsikira m'chigwa.

Chifunda ili m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, moyang'anana ndi North Luangwa National Park, m'dera limene anthu amakhala pamodzi ndi nyama zakutchire. Boma la Chama linachotsedwa ku Eastern Province kupita ku Muchinga mu 2011, n'kubwezedwanso mu 2021, koma matope a m'chigwa sanasinthe ndi mapu. Mvula ikagwa mitsinje imadzaza, njira zimaduka, ndipo wodwala amene buku likuti "mutumizeni ku chipatala chachikulu msanga" amakhala m'manja mwako usiku wonse, mwinanso masiku. Anthu ake amalankhula Chisenga. Funso la pa mock limabwera m'Chingerezi chosalala, zizindikiro zonse zitandandalikidwa, ndi mayankho 4 pansi pake, limodzi mwa iwo lili lolondola ndithu. Ambuya obwera pa njinga ya mdzukulu wawo amangoti thupi lonse likuwawa.

Mu Seputembala 2011 m'boma la Chama munabuka anthrax. Anthu 511 anadwala ndipo 5 anamwalira, pafupi ndi pamene mvuu 85 zinali zitangofa. Ofufuza anapeza kuti matendawo anafala mwa anthu amene anasenda, kunyamula ndi kudya nyama ya mvuu zakufazo, ndipo ena anawauza poyera kuti atapeza ina adzadyanso, chifukwa cha njala ndi kusowa ndiwo. Funso la anthrax pa mock ndi lapafupi kwambiri. Limakuuza lokha kuti munthuyo anadya nyama ya chiweto kapena ya mvuu yofa yokha, ali ndi chilonda chosawawa chakuda pakati, ndipo iwe umangosankha dzina la matenda. Aliyense m'gulu amalikhoza. Koma m'dera la nyama zotetezedwa, kumene munthu amaopa kuti nkhani ya nyama ikafika kwa a gemu, ndani adzalowa m'chipinda n'kuyamba ndi mawu akuti ndinadya mvuu? Chiganizo chimene mock imakupatsa kwaulere pa mzere woyamba, ku Chifunda ndiye ntchito yonse. Uyenera kudziwa kufunsa, m'chinenero chake, mopanda kumuopseza, ndipo usanafunse uyenera kukhala utaganiza kale kuti funsolo n'lofunika.

Chimodzimodzi kaodzera, matenda ofalitsidwa ndi ntchentche za kashembe, amene m'chigwa cha Luangwa akalipo. Mtundu wa kuno, rhodesiense, ndi wachangu: ukapanda kuchiritsidwa umapha m'masabata kapena miyezi yochepa. Umayamba ndi kutentha thupi ndi mutu, ndendende malungo. M'dera limene pafupifupi aliyense wotentha thupi amaganiziridwa malungo, wodwala akhoza kupatsidwa Coartem, kubwerera, kupatsidwanso, mpaka tizilombo titafika ku ubongo. Womupulumutsa ndi amene adzaima n'kudzifunsa chifukwa chimene munthuyu sakuchira, n'kupempha kuti magazi aonedwe pa maikulosikopu. Pamenepa napo PDF yakale ikhoza kukusocheretsa. Kwa zaka zambiri mayankho anali suramin poyambirira ndi melarsoprol matenda akafika ku ubongo, mankhwala okhala ndi arsenic amene okha ankapha ena mwa odwala. Pambuyo pa kafukufuku wochitikira ku Rumphi m'dziko la Malawi ndi ku Uganda, mu 2024 bungwe la WHO linasintha malangizo ake n'kuika patsogolo fexinidazole, mankhwala akumwa, kwa odwala a zaka 6 kupita m'tsogolo olemera makilogalamu 20 kapena kuposa. Rumphi ndi kuseri kwa malire chabe kuchokera ku Chama. Ndikukayika ngati admin anakonza fayilo yake.

Aphunzitsi a zaumoyo anaziona kale izi. George Miller mu 1990 anajambula makwerero a masitepe anayi: kudziwa, kudziwa mmene chimachitikira, kusonyeza kuti ungachite, ndi kuchitadi pa ntchito. Mafunso osankha yankho amayeza masitepe awiri apansi. N'chifukwa chake kunabwera mayeso a OSCE, amene Ronald Harden ndi anzake ku Dundee anawafotokoza mu 1975, aja ozungulira masiteshoni, apa ufunse wodwala, apa umuyeze, apa ufotokoze mankhwala, woyesa akukuyang'ana ndi pepala m'manja. Palibe bwalo lobiriwira pa foni limene lingakuuze mmene manja ako adzachitire pamenepo. Mock yabwino kwambiri imalosera gawo limodzi la mayeso, ndipo mayesowo amalosera gawo limodzi la ntchito. Kuchoka pa 86 wa pabedi kufika kwa ambuya a pa njinga pali milatho iwiri, ndipo wogulitsa amalankhula ngati palibe mtsinje.

Izi sizikutanthauza kuti mayeso a laisensi ndi opanda pake, monga amanenera ena akangofeluka. Ku Canada, Robyn Tamblyn ndi anzake anatsatira madokotala kwa zaka zingapo atalemba mayeso a laisensi, ndipo mu 2007 anafalitsa zoti amene anapeza malikisi otsika pa gawo la kulankhulana ndi odwala ndiwo anadzadandauliridwa kwambiri ku mabungwe oyang'anira madokotala. Mayeso okonzedwa bwino amagwira kanthu kenikeni. Ine monga mwana wa mayi wokhala kutali ndi dokotala ndikufuna chipatacho chikhale cholimba, ngakhale chitatsekera mphwanga kunja kwa chaka chimodzi. Zinandiwawa kulemba chiganizo chimenechi, ndipo iye anachiwerenga ndisanachitumize.

Amene ndilibe nawo chifundo ndi awiri. Woyamba ndi wogulitsa uja. Wachiwiri ndi koleji iliyonse imene imalembetsa ophunzira mock yofewa kumapeto kwa chaka, onse n'kupeza malikisi okongola, makolo n'kusangalala, chikwangwani cha pamsewu n'kulembedwa za kupasa. Koleji ili ndi chimene admin alibe. Ikudziwa malikisi a mock a wophunzira aliyense, ndipo ikhoza kudziwa amene anapasa laisensi ndi amene anafeluka. Kuika mizere iwiriyo pambali ndi pambali ndi ntchito ya masana amodzi pa kompyuta. Atatero akhoza kuuza kalasi yotsatira kuti, mwa amene anapeza pakati pa 50 ndi 60 pa mock yathu chaka chatha, opasa anali angati, ofeluka angati. Imeneyo ndiye nambala yoyenera kuikhulupirira, ndipo wophunzira amene walipira fizi zaka zitatu ali ndi ufulu woifunsa. Inu a m'mabungwe a ophunzira, amene mumadziwa kuchita phokoso pa nkhani ya chakudya ndi ma hostel, kafunseni ku ofesi ya dean. Akakuuzani kuti sanawerengepo, mwadziwa kuti mock yawo ndi mwambo chabe. Akakuuzani kuti anawerenga koma sangakuonetseni, mwadziwanso kanthu.

Mphwanga akukonzekera kulembanso. Mwezi watha mnzake wina amene anapasa, wa koleji ina, anamupatsa pepala la mafunso 150 limene sanalionepo. Tinamukhazika patebulo m'chipinda changa Loweruka m'mawa, foni ili m'thumba mwanga, ine ndili pakhomo ndi wotchi ngati kapitawo. Anapeza 58. Anakwiya, anati pepalalo linali loipa, anatuluka kukayenda. Atabwerako tinakhala pansi kuwerenga mafunso amene analakwa, ndipo oposa theka anali a mitu iwiri yokha: za amayi oyembekezera, ndi kawerengedwe ka mlingo wa mankhwala a ana potengera kulemera kwawo. M'nkhokwe ya gulu lija mitu imeneyi inali ndi mafunso ochepa kwambiri, n'chifukwa chake kwa miyezi inayi sanadziwe kuti ili ndi dzenje. Kumudzi, mayi wobereka usiku ndi mwana wotentha thupi ndiwo odzaza pakhonde la chipatala.

Asanatuluke m'gulu lija ndinamupempha kuti alembe funso limodzi, mwaulemu, pamene onse akuona. Analemba kuti: "Ba admin, mwa amene anapeza 80 kupita m'mwamba pa mock ya ulendo watha, anafeluka ndi angati? Ine ndine mmodzi." Anthu awiri anayankha pansi pake kuti nawonso. Wachitatu anayamba kulemba, tinkaona timadontho tija tikuphethira. Mphindi 10 zisanathe uthenga unafufutidwa, gulu linatsekedwa kuti azilemba ndi ma admin okha, ndipo nambala ya mphwanga inachotsedwa.